Ankhoswe pa Nyumba Nambala 23

Lole ya pa esiteti inaima pakhomo Lachiwiri m'mawa, Joan akadali ndi mswachi m'kamwa. Palibe anamuuza kuti ikubwera. Ankadziwa kuti bambo ake, a Blackson, apuma pa ukapitawo atayang'anira othyola tiyi zaka makumi atatu. Ankadziwanso kuti nyumba ya kampani si yako, ngakhale uberekeremo ana onse. Koma notisi inati asamuke kumapeto kwa mwezi, ndipo mwezi unali usanafike n'pakati pomwe.

"Ababa, galimotoyi yabwerera ndani?"

"Yabwerera mipando," anatero a Blackson akumanga matiresi ndi linya. "Ngati iwe si mpando, ukhoza kutsala."

"Koma Loweruka kukubwera alendo."

"Alendo a ndani? Ine sindinaitane munthu."

Joan anayang'ana mayi ake. Iwo anazyolika n'kumakulunga mbale m'chitenje mwachangu chonyanyira. Apo m'pamene anazindikira kuti chinsinsi ukauza mayi ako, wauzanso bambo ako. A Blackson anali atamva zoti Loweruka kubwera ankhoswe a Ridwan kudzafunsira mbeta, ndipo anapita okha ku ofesi kukapempha kuti lole ibwere msanga.

Pofika faifi koloko madzulo, nyumba nambala 23 ya mu layini yachitatu inali yopanda kanthu. Joan anakhala pamwamba pa katundu atakumbatira ndowa, akuyang'ana minda ya tiyi ikubwerera m'mbuyo. Analira kuchokera pa geti la esiteti mpaka pa Bvumbwe, ndipo palibe anamufunsa chomwe ankalira.

*

Vuto linali lakuti Ridwan anali kutali. Mnyamatayu ankayendetsa thiraki, ndipo Lolemba anali atanyamuka ulendo wa ku Beira. Akangowoloka malire, foni yake inkafa mpaka tsiku lobwerera.

Vuto lina, lalikulu kuposa loyambalo, linali nzeru zake. Ridwan anali ndi nzeru zambiri, zina zosafunika. Kwawo ku Thyolo Boma anali Asilamu olimba, ndipo kwa a Blackson kunali kwa mkulu wa mpingo. Lamulungu lomaliza, atakumana pamlatho wa kumunsi kwa fakitale, anamufotokozera Joan mmene wakonzera zinthu.

"Amalume, a Mwamadi, avomera kubwera Loweruka, teni koloko m'mawa."

"Wawauza kuti ndine ndani?"

"Ndawauza nambala ya nyumba basi. Layini yachitatu, 23."

"Dzina langa bwanji?"

"Joan, iwe amalume suwadziwa. Akangomva dzina lachikhristu sadzuka n'komwe pampando. Koma akafika, n'kuwayalira mphasa, n'kuwapatsa moni, manyazi adzawagwira. Munthu wamkulu sathawa pamphasa."

"Nanga akakufunsa dzina?"

"Andifunsa kale. Ndati mukaliona komweko, ndi mtsikana yekhayo m'nyumbamo. Anaseka, akuti ana a masiku ano timakonda masapulaizi."

Tsiku limenelo Joan anasekanso, n'kumumenya paphewa. Tsopano ali pa lole, mawu omwewo ankamubaya. Ankhoswe sankadziwa dzina lake, nkhope yake, ngakhale dzina la bambo ake. Ankadziwa chitseko chokha, ndipo chitsekocho iye anali atachisiya.

Analemba meseji: "Tasamuka lero, tikupita ku Bangwe. Uwauze amalume asapite ku 23. Chonde imba." Mesejiyo inaonetsa katiki kamodzi, n'kukhala choncho.

*

Ku Bangwe kunawalandira ndi fumbi ndi phokoso la mabala. Nyumba yomwe a Blackson anapeza inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa golosale, pa mpanda umodzi ndi mabanja ena asanu. Chimbudzi chinali chimodzi, chokhala ndi loko, ndipo kiyi wake ankapachikidwa pa msomali womwe aliyense ankaudziwa kupatula iwo. Sofa yaitali ija, imene inkachititsa kaso layini yonse, inakana kulowa pakhomo. Inagona panja masiku awiri, ana a eni ake akudumphapo.

Mayi a Joan anavutika kwambiri. Lachitatu m'mawa anazungulira mpanda wonse kupereka moni khomo ndi khomo, monga amachitira anthu. Mayi wina anawayankha ali chotseka chitseko, wina anawafunsa ngati akugulitsa kanthu. Anabwerako atanyowa ngati nkhuku yovumbwa. Masana atatuma Joan kukagula chisoso pamsika, anakhala pansi n'kugwira tsaya.

"Chisoso chomwe timapalira n'kutaya chija? Kuno n'chogula?"

"N'chogula, amayi."

"Ndiye tabwera kudzatani kuno?"

A Blackson sankadandaula mokweza. Ankadzuka m'bandakucha, kuvala jombo zawo, n'kukaima pakhomo ngati pali anthu oti awaitane mayina. Kunalibe aliyense. Munthu amene mawu ake ankaimitsa anthu zana limodzi m'munda, pano ankadikira pamzere wa ku bafa atanyamula sopo. Joan ankawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinkamupsetsa mtima, chifukwa ankafuna kuwakwiyira ndi mtima wonse.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anawalandira ndi manja awiri. Ameneyo anali Everson, mwini mpanda ndi golosale. Anali wa zaka za m'ma thate, wonenepa bwino, wa tcheni m'khosi, ndipo ankapemphera mpingo umodzi ndi a Blackson. Ndiye anagwetsa felemu ya chitseko kuti sofa ilowe. Ndiye anabweretsa mpando n'kuuika pakhonde la golosale, n'kunena kuti, "Adadi, muzikhala apa, muzindionerako anyamatawa." A Blackson anakhalapo ngati apatsidwa ufumu.

Ukaona mwini golosale akutchula mlendo wa dzulo kuti adadi, usafunse kuti akufuna chiyani. Yang'ana ngati mlendoyo ali ndi mwana wamkazi.

*

Lachitatu lomwelo madzulo, dzuwa lisanalowe, Joan anagwada pafupi ndi mpando wa bambo ake.

"Ababa, ndikupempha mundimve."

"Ndikumva."

"Ridwan ndimamukonda. Sindinabise chifukwa cha mwano, ndimaopa. Akwawo akubwera mwaulemu, monga mwa mwambo. Inu mwandichotsa pakhomo dala."

A Blackson anayankhula kaye mawu angapo m'Chilomwe, monga ankachitira mtima ukawawa, kenako anabwerera ku Chichewa.

"Ine sindikana munthu ndisanamuone. Amalume ako ali ku Joni, ndiye mawu oyamba ndilandira ndine. Unati Loweruka. Chabwino. Akwawo abwere Loweruka, andipeze pano pamene ndakhala. Ndiwayalira mphasa, ndiwamva. Koma dzuwa la Loweruka likalowa asanafike, dzina limenelo ndisadzalimvenso m'nyumba mwanga."

"Koma iwo akudziwa nyumba yakale!"

"Wofuna mbeta amafunsa njira."

"Ababa, simukuchita chilungamo."

"Chilungamo? Ndakulera zaka twente-thuu kuti ukasiye tchalitchi chifukwa cha dalaivala? Taona anthu ali pompano, opemphera, okhazikika. Tsegula maso, mwana iwe."

Everson anali kuseri kwa kauntala, akupanga ngati akuthira shuga m'timapepala. Makutu ake anali kunja konse.

*

Lachinayi Joan anaimbira Tisungane, mnzake wa nyumba nambala 24, amene anakulira naye limodzi.

"Tisu, ndithandize. Loweruka ukaime pamsewu, ukaona bambo wachikulire wa kofia akufunsa 23, umuuze kuti tinasamuka."

"Iii, Loweruka ndili kumunda mpaka thwelofu, asisi. Tiyi waphuka, kapitawo watsopanoyu salola ngakhale kukakodza. Komanso..."

"Komanso chiyani?"

"M'nyumba mwanu mwalowa kale anthu. Dzulo lomweli."

"Ndani?"

"A Osman, a thirakitala aja. Awachotsa ku divishoni ya kumtunda."

Joan anatsamira khoma. A Osman ankawadziwa. Ankadziwanso mwana wawo, Fadila, mtsikana wofatsa wa maso akuluakulu, amene ankaphunzira madrasa limodzi ndi alongo ake a Ridwan. Fadila yemweyo amene mayi a Ridwan ankamutchula kuti mpongozi moseka, koma kuseka kwake kosafika m'maso. Fadila amene tsiku lina pamsika wa pa Boma anamuyang'ana Joan kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena motsitsa kuti, "Thiraki imaima malo ambiri, koma imagona pa depoti."

"Tisu, m'nyumbamo muli atsikana angati?"

"Ndi yekhayo. Enawo ndi anyamata."

Joan anadula foni osatsanzika. Analembanso kwa Ridwan: "Mu 23 mwalowa a Osman ndi Fadila. Ridwan, ndikufa kuno." Katiki kamodzi.

Lachisanu ananamizira kukafuna ntchito ku Limbe. Anazungulira pa depoti ya maminibasi a ku Thyolo, akufunsa dalaivala aliyense ngati ali ndi nambala ya a Mwamadi, ogulitsa masipeyala pa Boma. Ena anamuseka, wina anati ampatsa yake m'malo mwake. Wachisanu ndi chimodzi anamumvera chisoni n'kumupatsa.

Anaimba ataima kuseri kwa shopu.

"Halo, ndikuyankhula ndi a Mwamadi?"

"Ndine. Ndani?"

"Ndine Joan. Ndimafuna ndikuuzeni za ulendo wanu wa mawa, wa Ridwan..."

"Joan wake uti?"

"Mwana wa a Blackson, amene tinkakhala..."

"Mayi, nkhani za banja lathu ine sindikamba pafoni ndi atsikana osawadziwa. Ridwan ali ndi akuluakulu ake." Foni inaduka.

Anaimbanso kanayi. Kachisanu inali yothima.

*

Loweruka anadzuka ndi maganizo amodzi okha: akaime yekha pakhomo la 23 teni koloko isanakwane. Mtsikana kukatchingira ankhoswe panjira n'zochititsa manyazi, ankadziwa. Koma madzi anali atafika m'khosi, ndipo manyazi sanaphepo munthu.

Mayi ake anamupeza akumanga mpango. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo ako ndiwauza kuti wapita kukatunga madzi ku kiyosiki ya kutali," anatero. "Pa mzere wa kumeneko munthu amatha tsiku. Ndinalakwa kuwauza zija. Pita."

Atangotuluka pageti, galimoto ya Everson inaima pambali pake, galasi likutsika.

"Asisi, m'mawa uno kuti?"

"Ku Limbe."

"Ku Limbe kapena ku Thyolo?" Everson anamwetulira. "Musaope, ine si wa miseche. Ndikupita ku Boma komweko kukaona kasitomala. Maminibasi a Loweruka mukuwadziwa, amadikira adzaze. Kwerani, naini koloko tili kumeneko."

Joan anayang'ana nthawi. Inali hafu seveni. Mtima unamuuza kuti asakwere, koma wotchi inamuuza zina, ndipo anamvera wotchi.

Mpaka pa Chigumula Everson ankayendetsa bwino, akukamba za mapulani ake omanga nyumba ya malata achikuda ku Mpingwe. Atafika pa Bvumbwe anakhotera pamsika.

"Maminitsi faifi okha, nditengeko kabichi wa pagolosale."

Maminitsi faifi anabala ena. Joan ankamuona pagalasi akutsutsana mtengo ndi mayi wina, kenako akuseka ndi bambo wina, kenako osaonekanso. Hafu eyiti inadutsa. Naini koloko inakwana. Atabwera, anali ndi mabotolo awiri a zakumwa ndi chimanga chootcha, kabichi palibe.

"A Everson, chonde, tiyeni."

"Mukuthamangira chiyani, Joan?" Anakhala pampando, kiyi ali m'thumba. "Tiyeni tikambe ngati akuluakulu. Inu mukuganiza kuti akakulandirani kumene kuja? Adzakusinthani dzina, adzakuvekani mpango, bambo anu sadzapondako. Mwamuna mwezi wonse ali pamsewu. Ine ndili pano. Makolo anu akhala mwaulemu pa mpanda wanga mpaka kalekale."

"Ndiye munanditengera zimenezi?"

"Ndinakutengani kuti ndikupulumutseni. Mudzandithokoza."

"Kasitomala wa ku Boma uja alipo?"

Everson anangoluma chimanga.

Joan anatsegula chitseko n'kutsika. Everson anamuitana kawiri, kachiwiriko mawu ataumirapo. "Mukapita, muganizirenso za kumene bambo anu agone mwezi wamawa." Iye sanacheuke, ngakhale mawuwo anamulowa mpaka m'mafupa.

Minibasi yomwe anakwera inali ndi anthu anayi. Inadikira. Inabwerera m'mbuyo kukatenga mayi wa madengu a tomato. Inaima pa Thunga kutsitsa thumba la makala. Joan ankapemphera chamumtima, pemphero lopanda mutu, lomangobwereza kuti Ambuye achedwetseni, Ambuye achedwetseni. Atatsika pa mphambano ya ku esiteti n'kukwera njinga yamoto, inali kota pasiti leveni.

*

Nthungululu anazimva asanafike pa layini yachitatu.

Anatsika panjinga n'kuyenda wapansi. Pakhomo la 23 panali mphasa ziwiri zatsopano. Mawindo anali ndi makatani obiriwira amene sanali a mayi ake. Amayi anayi ovala mipango anali pakhonde akuwomba m'manja, ndipo pakati pawo panakhala Fadila, atazyolika mwaulemu, akumwetulira chapansipansi.

Tisungane anatulukira pakhonde la kwawo, dengu likadali kumsana, n'kumukokera kuseri kwa mtengo wa bulugamu.

"Ndathawa kumunda, koma ndafika iwo ali kale pakhomo," ananong'ona. "Ndamva zonse ndili pakhonde pathu. Afika teni koloko yeniyeni, a kofia aja ndi bambo wina. Atangoona a Osman apereka salamu, nkhope yawo inawala. Akuti, tambala wathu waona msoti pakhomo pano. A Osman akuti, msoti ulipo umodzi, tiufunse. Amuitana Fadila, akuti mnyamata wotchedwa Ridwan ukumudziwa? Iye akuti ndikumudziwa. Ukumufuna? Akuti eya."

"Sanafunse kuti analowa liti m'nyumbamo?"

"Afunse chifukwa chiyani? Aliyense wamva zimene amafuna kumva. Mayi a Fadila akuti ankadziwa kale kuti tsikuli lidzafika. Apangana kuti amalume a Fadila akumane nawo sabata yamawa."

Nthawi yomweyo alendo anadzuka kutsanzika. Kutsogolo kunali bambo wamtali wa ndevu zoyera, mkanjo wake wosita bwino, akuyenda ngati munthu amene wagwira ntchito yotamandika. Joan sanaganize. Anatuluka kuseri kwa mtengo n'kukagwada pakati pa njira, pafumbi, anthu onse akuona.

"Bambo, pepani. Ndine Joan. Ndinakuimbirani dzulo."

A Mwamadi anaima. Anamuyang'ana, n'kuyang'ana kamtanda kakang'ono kamene kanali m'khosi mwake.

"Nyumba iyi inali yathu mpaka Lachiwiri," anapitiriza Joan. "Mtsikana amene Ridwan anakutumani ndine. Makolo anga ali ku Bangwe, akukudikirani mpaka dzuwa kulowa. Chonde, tikadakwera limodzi. Nthawi ikadalipo."

Nthungululu zinazima. Fadila anadzutsa mutu.

A Mwamadi anakonza kofia yawo. Ngati anadabwa, kudabwako anakumeza bwino. Joan sanathe kudziwa ngati munthuyu akumva nkhaniyi koyamba, kapena anaizindikira dzulo pafoni n'kusankha kugogoda chitseko chomwe anapatsidwa.

"Dzukani, mayi, mukudetsa zovala," anatero mofatsa. "Mphwanga anandipatsa nambala ya nyumba. Sanandipatse dzina. Ndagogoda nyumba imeneyo, anditsegulira, andiyalira mphasa, tapempherera limodzi pamaso pa mboni. Mukufuna ndibwerere ndikawauze a Osman kuti mwana wawo ndamufunsira molakwitsa, ngati ndagula sipeyala yosakwana?"

"Koma Ridwan sakumufuna iyeyo."

"Akanakhala kuti akufuna inu, akanatchula dzina lanu. Mwamuna sabisa dzina la mkazi amene sakuchita naye manyazi."

Mawu amenewo anamupweteka Joan kuposa zonse za sabata imeneyo. A Mwamadi anamulambalala mwaulemu, n'kumapita ku galimoto yawo. Pakhonde paja wina anaseka. Fadila anadzuka, n'kulowa m'nyumba, n'kukoka katani ya chipinda chomwe Joan anagonamo kuyambira ali khanda.

Joan anali akadagwada pomwepo pamene foni inanjenjemera m'manja mwake. Nambala inali yachilendo, ya ku Mozambique. Anayankha.

"Joan! Ndabwereka foni ya mnzanga, yanga ilibe netiweki." Anali Ridwan, mawu ake odzaza chimwemwe, injini ikulira kumbuyo. "Ndayamba ndaimbira amayi. Akuti amalume awatumizira meseji pompano kuti zatheka, akwanu avomera! Amayi akuvina, Joan. Akuti sankadziwa kuti ndili ndi maso abwino chonchi, akuyamba lero kuitanira abale ku ukwati wa nikah. Ndinakuuza kuti pulani yanga igwira. Halo? Joan, bwanji sukuyankhula?"